Chitoliro cha Abusa a ku Napoli ndi Ng'oma za ku Niassa



Pamene parishi ino ikukumbukira zaka 100, nkoyenera kucheukira ku Italy, kwao kwa ansembe a Consolata, amene adafika ku Niassa mu 1926 nakhazika misyoni ya Massangulo mu 1928. Iwowo adachokera ku Torino, kumpoto, koma phunziro la lero lichokera kumwera kwa dzikolo, ku Napoli.

Kumeneko, pa masiku asanu ndi anai a Novena ya Khrisimasi, abusa a nkhosa ankatsika m'mapiri aŵiriaŵiri. Wina ankaliza zampogna, chitoliro chokhala ndi thumba la chikopa cha mbuzi kapena cha nkhosa, mnzake naliza ciaramella, kachitoliro ka mau akuthwa. Ankayenda khomo ndi khomo, kuimbira Mwana Yesu ndi Amai ake.

Alfonso Maria de Liguori woyera, amene adabadwa pafupi ndi Napoli mu 1696, adaona kuti anthu osauka sankamva Chilatini, koma maimbidwe a abusawo ankawaloŵa mumtima. Tsono iye, munthu wophunzira malamulo ndi nyimbo zomwe, sadanyoze za kumudzi. Adapeka nyimbo za Khrisimasi m'maimbidwe omwewo, ina m'chinenero cha ku Napoli chenicheni, kuti osadziŵa kuŵerenga aphunzire katekisimu poimba. Adamwalira mu 1787, koma nyimbozo zikuimbidwabe.

Kuno agogo adayamba ndi Misa ya Chilatini, ng'oma zitatsala kunja kwa tchalitchi. Mu 1963, chaka chomwe dayosizi ya Vila Cabral, Lichinga wa lero, idakhazikitsidwa, Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikano udalamula kuti maimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe m'mapemphero. Pang'onopang'ono ng'oma zidaloŵa, ndipo akhristu adatamanda Mulungu m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua.

Koma mphatso yosasamalidwa imatayika. Nkhalamba zodziŵa kuyambitsa nyimbo za chiwoda ndi m'ganda, monga aimbira ku Metangula ndi ku Cobué, zikutha imodziimodzi, pamene makwaya ambiri akungotola nyimbo za m'foni. Nkhalamba ikaikidwa m'manda mdzukulu asanaphunzire, nyimbo yake nayonso yaikidwa.

Nchifukwa chake mphakati uliwonse utume achinyamata kwa akuluakulu, akamvere, akalembe, akajambule mau ao. Mau a akulu akoma akagonera. Alfonso woyera apempherere oimba a parishi ino. Amen.