Dotolo Amene Anakana Kusiya Ovulala

Mau amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.

Bambo Wapampando, aphunzitsi athu opuma, amayi ndi abambo amene tinadyera limodzi nyemba za pasukulu pano, zikomo.

Mwezi wa November timakumbukira anthu amene anafa pa nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, imene chipilala chake chili ku Zomba. Mwa anthu ambirimbiri amene inawadya, ine ndasankha mmodzi wa ku Mangalande, Dotolo Noel Chavasse.

Iye anabadwira ku Oxford m'chaka cha 1884, ndipo bambo ake anadzakhala bishopu wa ku Liverpool. Anali wanzeru m'kalasi ndiponso waliwiro: mu 1908 iye ndi m'bale wake wamapasa, Christopher, anathamanga mamita 400 pa masewera a Olympic ku London. Nkhondo itabuka, anapita monga dotolo wa gulu la asilikali la Liverpool Scottish.

Ku Guillemont, m'dziko la France, mu August 1916, anamanga mabala a asilikali poyera tsiku lonse zipolopolo zikuvumba. Kutada anayamba kufunafuna ovulala pafupi penipeni ndi ngalande za Majeremani. Anapulumutsa anthu pafupifupi 20, nalandira Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya kwao.

Pa 31 July 1917, kufupi ndi Ypres ku Belgium, anavulala m'mutu koma anakana kuchoka. Anapitiriza ntchito masiku awiri, ali wanjala ndi wotopa, mpaka bomba linagwera m'dzenje limene ankathandiziramo odwala. Anamwalira pa 4 August ali ndi zaka 32, naikidwa ku Brandhoek. Ndiye yekha amene anapata mendulo imeneyi kawiri pa nkhondo ya Chiwaya.

Anzanga, taonani bwino. Munthuyu sanadikire kuti ovulala amupeze. Anawalondola kumene anagwera. Pakati pathu pano pali madotolo, anamwino, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi. Alipo ana pasukulu yathu ino amene akugwera panjira chifukwa cha umphawi, ndipo manyazi sawalola kudzagogoda pa zitseko zathu. Kodi tidikira, kapena tiwalondola? Msungichuma ali pakhomopo ndi buku lake.

Tsopano ndikupemphani kuti tiimirire, tikhale chete mphindi imodzi.