Zimene Tinaphunzira Kumene Tinagona ku Ficksburg



Munatituma ku South Africa kukaona mmene anzathu amagulitsira zipatso. Za minda ndi makina tidzanena tsiku lina. Lero tinena za nyumba imene tinagonamo.

Ficksburg ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Free State, m'mbali mwa mtsinje wa Caledon. Mukangowoloka mlatho mwalowa m'dziko la Lesotho, pa Maputsoe. Kumeneko kumazizira koopsa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo kuzizirako ndi kumene mitengo ya matcheri imafuna kuti ibereke. Matcheri ndi tizipatso tofiira, kukula kwake ngati masau akuluakulu. Timapsa mu Okutobala ndi Novembala koma sitichedwa kuonongeka. Mvula ikagwa titapsa timang'ambika, akagwa matalala ndiye kuti chaka chapita. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anthu a m'tauniyi anayambitsa chikondwerero cha matcheri cha mu Novembala, kuti wogula azibwera yekha kumene kuli chipatso.

Ife tinafika m'masiku a chikondwererocho osasungitsa malo. Kulikonse ankatiuza kuti kwadzaza. Kutada, munthu wina anatilozera kwa mayi wachikulire amene ana ake anakula n'kuchoka, ndipo zipinda zawo anazisandutsa zogona alendo. Kumeneko amati bed and breakfast: umalipira bedi pamodzi ndi kadzutsa, ndipo umadyera pa tebulo la mwini nyumba.

M'mawa anatipatsa tiyi, mazira, buledi ndi jamu wa matcheri. Titayamikira jamuyo, mayiwo anaseka nati anamuphika kuchokera ku matcheri ong'ambika, amene msika umakana. Mabotolo ake anali atandandalika pa khomo, aliyense ndi mtengo wake. Tinagula. Mlendo aliyense amene tinadya naye anagulanso. Ndi mayi omwewo amene anatiuza munda wokathyolako tokha, ndipo kumeneko tinalipiranso.

Usiku tinakhala pansi n'kuwerengera kumene ndalama zathu zinapita. Zinapita kwa mwini nyumba, kwa mayi wochapa zofunda, kwa wogulitsa mazira, kwa mwini munda. Palibe venda amene anaima pakati, ndipo chipatso chimene tinadya sichinakwere lole.

Tisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Minda yambiri ya matcheri ndi ikuluikulu, si ya alimi ngati ife. Alendo amene tinawaona ankagona m'nyumba za m'tauni, osati ku Meqheleng, kumene kumakhala anthu ambiri ogwira ntchito. Wothyola chipatso analandira malipiro ake a tsiku basi. Amene anali ndi chipinda, madzi ndi chimbudzi chabwino ndiye anapindula ndi mlendo.

Matcheri ife sitingalime, koma manachesi a ku Mwanza amadziwika dziko lonse. Nyengo yake ikafika timawaunjika m'mbali mwa msewu wopita kuchipata, venda n'kutchula mtengo wake, ife n'kuvomera poopa kuti awola. Mango a ku Salima chimodzimodzi. Wapaulendo amaima mphindi zisanu, wagula, wapita. Sadya nsima yathu, sagona kwathu.

Choncho tikupempha zinthu izi. Bungwe lathu likambirane ndi khonsolo za masiku awiri kapena atatu a chionetsero cha zipatso, masiku odziwika amene sasinthasintha chaka ndi chaka, chifukwa mlendo amakonzekera akadziwiratu. Khonsolo itiuze poyera zofunika kuti mlimi alandire chiphaso chogonekera alendo pakhomo pake, ndipo mtengo wa chiphasocho usafanane ndi wa hotela ya ku Blantyre. Amayi a m'makalabu aphunzitsidwe kuphika jamu ndi kufinya juwisi mwaukhondo, kuti zipatso zokanidwa zisamathere kudzala.

Ndipo zipindazo zikhale za mamembala. Tikachedwa, adzabwera a ndalama zawo kudzamanga maloji, ife n'kubwerera m'mbali mwa msewu ndi madengu athu.

Kalabu iliyonse ilembe mayina a mabanja amene ali ndi chipinda chapadera, chimbudzi ndi madzi pafupi, ndipo ipereke kwa mlembi msonkhano wotsatira usanafike.