Mayi Woyamwitsa ndi Kujambula Mano

Ena mwa inu mwachokera kutali, kufupi ndi malire a Zambia, choncho sindichulutsa mawu.

Alipo amayi pakati pathu amene akuvutika ndi chiseyeye, nkhama zawo zimatuluka magazi akamatsuka m'kamwa, koma akuopa kukaonana ndi dokotala wa mano. Amati akakajambulidwa ndi makina a X-ray mkaka uwonongeka ndipo mwana adwala. Zimenezi si zoona ayi. Cheza cha makinawo chimadutsa m'nsagwada m'kanthawi kochepa kwambiri. Sichitsalira m'thupi ndipo sichilowa mu mkaka. Mukangotuluka m'chipindamo, yamwitsani mwana wanu. Musafinye mkaka n'kutaya pansi.

Dziwaninso kuti si aliyense amene amajambulidwa asanapalidwe mano. Dokotala amayamba wayang'ana m'kamwa. Ngati vuto ndi litsiro louma limene lakakamira m'mano, amangolipala basi. Amajambula pokhapokha akaganiza kuti matenda abisala kumene diso silifika: dzino lobooka pamene lakhudzana ndi linzake, mafinya ku muzu, kapena dzino logwedera. Jakisoni wochititsa dzanzi nayenso saletsa kuyamwitsa.

Muuzeni dokotala kuti mukuyamwitsa, kuti akusankhireni mankhwala oyenera. Ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati pena, nenaninso, musachite manyazi.

Pitani ku chipatala cha pa boma la Mchinji; zikavuta, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwana mupite naye, azikayamwa pamene mukudikira.