Akabwera Kunyumba ndi Botolo la Insulini

Ndikudziwa kuti ena mwasiya fodya ali pa mikangala kuti mudzamve nkhaniyi, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa lipendeke.

Mukandiona ndi chikwama ichi mumadziwa kuti ndi za sikelo ya ana, katemera kapena zimbudzi. Lero ana apume. Ndabwera ndi nkhani ya ife akuluakulu, anthu a zaka 50 kapena 60, amene timati matenda onse tinawaona kale.

Pali bambo wina kuno kwa Msakambewa. Dzina sinditchula, mudzi sinditchulanso, ndipo musayang'anane. Ndi mlimi wolimba, munthu amene chibadwire anali asanagonepo m'chipatala. Anayamba ndi ludzu. Madzi kumwa kapu ndi kapu, kukhosi kuli gwa. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi, ndipo pamalo pamene wakodza m'mawa pankadzaza nyerere. Nsima ankadya bwino lomwe, koma thalauza linayamba kugwa, mpaka anaboola bowo lina pa lamba. Apa anthu a pamudzi anayamba ntchito yawo. Ena ankanong'ona kuti ndi kachilombo kaja. Ena ankati amuchita chipongwe chifukwa cha malire a munda. Mwini wake, poopa zonenedwazo, anangokhala chete. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, paja amatero akuluakulu, ndipo bamboyu anatsala pang'ono.

Tsiku lina anadwala malungo. M'mawa mwake anayamba kusanza, m'mimba mukupota. Pofika madzulo ankapuma mozama, mothamanga, ngati munthu amene wakwera phiri ndi thumba la chimanga pamutu, pomwe anali chigonere pamphasa. M'kamwa munkatuluka kafungo konga ka zipatso zopsa kwambiri. Kenako anayamba kulankhula zosagwirizana. Mwayi wake, mkazi wake sanadikire kuti kuche. Anamukweza pa njinga yamoto, mmodzi kumbuyo atamugwirira, ndipo atafika ku chipatala anamubaya pachala. Shuga anali atakwera kwambiri. Anamutumiza ku chipatala chachikulu, kumene anamuika madripi ndi insulini, ndipo anatsitsimuka ali pa bedi, osadziwa kuti wafikapo bwanji.

Madokotala vuto limeneli amalitchula mwachidule kuti DKA. Ndikufotokozereni ngati alimi anzanga. Nsima, mbatata, kachewere, zonse zikalowa m'mimba zimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Shugayo ndi chakudya cha thupi, monga feteleza alili chakudya cha chimanga. Koma mukudziwa zimene zimachitika mukathira feteleza panthaka youma. Salowa kumizu, amangokhala pamenepo n'kuwotcha mbewu. Chinyezi chimene chimalowetsa shuga m'minofu ndi insulini, amene amapangidwa ndi kachiwalo ka m'mimba kotchedwa kapamba. Insulini akasowa, shuga amadzaza m'magazi pomwe minofu ikufa ndi njala. Impso zimayesetsa kumutaya kudzera m'mkodzo, ndiye kukodzakodza kuja, ludzu lija, ndi nyerere zija. Thupi likaona kuti njala yakula limayamba kuwotcha mafuta ake omwe, ngati banja limene nkhuni zatha n'kuyamba kusasula denga. Utsi wa moto umenewo ndi asidi amene amadzaza m'magazi. Kupuma kozama kuja ndi thupi likuyesa kumutulutsa. Izi sizichira ndi phala, mapemphero okha kapena mankhwala a malungo. Zimafuna dripi ndi insulini tsiku lomwelo.

Ndamva amayi kumbuyoko mukuti shuga ndi matenda a anthu olemera a ku Area 10. Ayi mayi. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO unayeza anthu m'dziko muno, ndipo unapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera. Tawerengani mitu imene ili pansi pa mtengo uno. Matendawa amagwira wonenepa, amagwiranso woonda amene wakulira pakhasu. Nthawi zina amayenda m'magazi a pamtundu. Sapatsirana podyera mbale imodzi, sapatsirana m'banja pogona, ndipo munthu amene akumwa ma ARV naye angathe kukhala ndi shuga, choncho kuwonda kusamatipangitse kuweruza. Kuyeza n'kwa mphindi imodzi. M'mawa munthu asanadye, makina akasonyeza 126 kapena kuposa, pena makina ena amawerenga 7, achipatala amayezanso kuti atsimikize.

Koma chimene chandibweretsa kwenikweni ndi zimene zimachitika munthu akatuluka m'chipatala. Kuchipatala kuli anamwino. Kunyumba kuli inu.

Bambo uja anabwera ndi mabotolo ang'onoang'ono ndi majakisoni m'jumbo. Sabata yoyamba sankatuluka m'nyumba. Ankati, ine munthu wamkulu, wa zidzukulu, ndizidzibaya ngati ng'ombe ya ku dibi? Ankakwiya ndi zinthu zazing'ono, usiku osagona. Musadabwe nazo zimenezi. Munthu amene dzana anali kumunda, lero auzidwa kuti matenda awa ndi a moyo wonse, amalira maliro a thupi lake lakale. Musamuseke, komanso musamugoneke ngati wafa kale. Mwana kapena mkazi aphunzire kubaya pamodzi naye. Singano yake ndi yaing'ono, imalowa pansi pa khungu pamimba kapena pantchafu, ndipo malo obaya amasinthasintha kuti pasachite chotupa. Botolo lina ndi loyera ngati madzi, lina ndi lotuwa ngati mkaka. Lotuwalo mumaligubuduza pang'onopang'ono m'manja musanakoke, osalikhutchumula. Achikulire ambiri maso safika pa timizere ta jakisoni, ndiye pakhale wina wa maso akuthwa wowaonera muyezo.

Mankhwala amenewa si achilendo. Anapezeka mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kupulumuka nawo. Zisanafike zaka zimenezo, munthu akagwa monga anagwera bambo uja, abale ankangoyamba kukonza za maliro, kaya ku Ulaya kaya kuno.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi la filiji. Tilibe magetsi, tisunga bwanji? Mtsuko uja mumazizitsira madzi akumwa ndi wokwanira. Ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mukaike m'kamphika kadothi, kamphikako mumchenga wonyowa, pakona yamthunzi m'nyumba. Osati pawindo, osati pafupi ndi moto, osati m'thumba la malaya muli padzuwa. Mu 2021 a bungwe la MSF ndi a yunivesite ya Geneva anatulutsa zotsatira za kafukufuku wochokera ku msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, dera lotentha kuposa kwathu kuno kutalitali. Anapeza kuti insulini anakhalabe ndi mphamvu kwa milungu inayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene mu Juni timafunda mabulangete awiri, tisadandaule kwambiri.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene timataya anthu. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, wodwala uja amanenepanso, ludzu latha, khasu akuligwira. Ndiye amati ndachira. Mnzake wa ku bawo amamuuza za masamba a nimu, kuti chowawa chimapha chotsekemera. Wina amati wapemphereredwa, ataye majakisoni posonyeza chikhulupiriro. Ine ndimapemphera, ndipo ndikuti pempherani, koma botolo lisatayidwe. Thupi lapepuka chifukwa cha insulini yemweyo. Mukamuchotsa, moto uja wa denga umayakanso, mwina pasanathe masiku ochepa.

Zoona zake n'zakuti alipo ena amene amadzasiyadi jakisoni. Madokotala anaona kalekale kumadzulo kwa Africa, kenako pakati pa anthu akuda a dera la Flatbush ku New York, kuti akuluakulu ena amagwa ndi DKA mwadzidzidzi, koma pakapita miyezi kapamba kaja kamadzukanso, ndipo amatha kukhala pa mapiritsi okha monga metformin. Ena kapamba sikadzukanso, ndipo jakisoni ndi wa moyo wonse. Amene ali gulu liti, simungamudziwe poyang'ana nkhope, ngakhale ine sindingamudziwe. Amadziwa ndi dokotala, poyeza mwezi ndi mwezi n'kumatsitsa muyezo pang'onopang'ono. Ndipo ngakhale amene wasiyitsidwa, vutoli limatha kubwereranso, ndiye tsiku la kiliniki lolembedwa m'buku la kuchipatala lisamadumphidwe.

Pamakhala kugwa kwa mitundu iwiri, ndipo aliyense wa pakhomo akudziwe. Kuja ndafotokoza n'kwa shuga wokwera, kumabwera pang'onopang'ono, tsiku limodzi kapena awiri, ndi ludzu, kusanza ndi kupuma kozama. Kwinako n'kwa shuga wotsika, ndipo kumabwera ngati mphezi. Munthu wabaya m'mawa, sanadye, wapita kukapalira. Mwadzidzidzi thukuta lozizira, manja kunjenjemera, njala yoopsa, chizungulire, kulankhula ngati woledzera. Pa makina amakhala pansi pa 70. Ameneyu mupatseni shuga msangamsanga, masupuni atatu a tiyi m'madzi pang'ono, kapena theka la botolo la Fanta, kenako adye chakudya chenicheni. Inde, wodwala shuga aziyenda ndi kapepala ka shuga kapena maswiti m'thumba, musaseke. Ngati wakomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupakeni shuga pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo thamangani naye. Mukasokonezeka, osadziwa kuti wakwera kapena watsika, koma munthuyo akumeza, mupatseni shugayo muli panjira. Masupuni atatu sangaphe wa shuga wokwera, koma angapulumutse wa shuga wotsika.

Miyezi ino ya Januwale ndi Febuluwale imandidetsa nkhawa. M'nkhokwe mulibe kanthu, pakhomo padyedwa kamodzi, ganyu ndi wolemetsa. Munthu wa pa insulini sangafanane ndi anzake pa zimenezi. Ngati chakudya chachepa pakhomo, kanenani kuchipatala osachita manyazi, kuti aone muyezo. Abambo, kachasu amatsitsa shuga mobisa, makamaka usiku, ndipo anzanu adzangoti waledzera musiyeni agone. Komanso wodwalayu akagwidwa malungo, chibayo kapena chilonda, shuga amakwera ngakhale asakudya. Choncho tsiku lodwala si tsiku losiya jakisoni. Amwe madzi ambiri, amwe kaphala pang'onopang'ono, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za chakudya ndinena mwachidule, poti zambiri timalima tokha. Nsima sinaletsedwe. Ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa, ndiwo zichuluke: nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere, nyemba, soya, usipa ukapezeka. Kudya katatu pang'onopang'ono kuposa kukhuta kamodzi. Chimene chisiyidwe ndi tiyi wa masupuni anayi, Sobo, thobwa lothira shuga ndi mizimbe ya tsiku lonse. Ndipo chonde amayi, musamuphikire kamphika kakekake n'kumukhazika payekha ngati wakhate. Mgaiwa ndi masamba sizinaphepo mwana. Idyani nonse.

Mapazi aziyang'anidwa madzulo aliwonse, mpaka pakati pa zala, chifukwa shuga amachititsa dzanzi ndipo munthu amaponda munga osamva. Kumunda apite ndi nsapato.

A mfumu, pempho langa kwa inu ndi la mayendedwe. Kuchoka kuno kukafika ku boma ku Dowa, nyengo ya matope ino, njinga yamoto imafuna ndalama, ndipo usiku mtengo umakwera. Magulu a banki m'khonde muli ndi kathumba ka zadzidzidzi kamene mumatsegula pa maliro. Kambiranani kuti kazitsegulidwanso munthu akadali moyo. Nambala za anyamata awiri kapena atatu a kabaza zilembedwe pachikuto cha buku la kuchipatala la wodwala aliyense.

Bambo uja dzulo ndinamupeza akusoka fodya. Anandionetsa kamphika kake pakona, mchenga uli wonyowa, ndipo mdzukulu wake wa Sitandade 7 ndiye amamuwerengera timizere. Anandifunsa ngati adzasiye jakisoni chaka chino. Ndinamuuza kuti akafunse ku kiliniki pa tsiku lake.

Tikamwazikana ndikhala pompano kanthawi. Amene mukudzuka usiku kangapo, amene lamba wayamba kukula, kapena muli ndi kholo kunyumba limene likutero, bwerani ndi buku lanu ndikulembereni kuti mukayezetse. Amene mukuona kuti pano pali maso ambiri, kwathu mukukudziwa.