Galasi la Sitolo ndi Moyo wa Munthu: Mau Okamba za Spike Lee

Ena mwa inu munakhalako ku London kapena ku New York ndipo mafilimu a Spike Lee munawaonera pomwe ankatuluka. Ena munangomva dzina. Ndiye ndiyambe ndi dzina la kampani yake, chifukwa khalidwe lake lonse lili momwemo.

Kampaniyo imatchedwa 40 Acres and a Mule, ndiye kuti maekala 40 ndi nyulu imodzi, mtundu uja wa bulu. M'chaka cha 1865, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pafupi kutha, akapolo ena omasulidwa anagawiridwa minda. Pulezidenti Andrew Johnson atalowa m'malo mwa Lincoln, minda ija anaibweza kwa eni akapolo. Tsono Lee, yemwe anabadwa ku Atlanta mu 1957 nakulira ku Brooklyn, anatenga lonjezo losakwaniritsidwalo nkulilemba pa filimu iliyonse yomwe amatulutsa. Musanaone ngakhale nkhope ya wosewera, wayamba kale kukukumbutsani ngongole.

Filimu yake yoyamba yaikulu, She's Gotta Have It, anaijambula m'masiku 12 okha ndi madola 175,000, ndipo itatuluka mu 1986 inabweretsa madola opitirira 7 miliyoni. Apa mabwana a ku Hollywood anatsegula maso. Koma akadadziwa! Mu 1988 anatulutsa School Daze, yomwe inakwiyitsa anthu akuda anzake ambiri. Anaonetsa ophunzira a pa koleji ya anthu akuda akunyozana okhaokha, oyererako khungu ndi a tsitsi lowongola mbali iyi, akuda bii mbali iyo. Anthu anati bwanji ukuyanika zamkati mwathu pamaso pa azungu? Ine ndimati wakutsina khutu ndi mnansi. Ifenso kuno mafuta oyeretsa khungu sitikuwadziwa kodi?

Ndikhalitse pang'ono pa Do the Right Thing ya mu 1989. Nkhani yonse ikuchitika tsiku limodzi lotentha kwambiri, mumseu umodzi wa ku Bedford-Stuyvesant. Mzungu wina wachitaliyana, Sal, ali ndi sitolo yogulitsa pizza pakati pa anthu akuda kwa zaka zambiri. Si munthu woipa ai, ana a m'deralo akulira chakudya chake. Koma pakhoma la sitoloyo anapachikapo zithunzi za anthu otchuka a mtundu wake okhaokha. Mnyamata wina akufunsa kuti, ndalama zathu mumalandira, nanga pakhomapa palibe wakuda ndi mmodzi yemwe bwanji? Kankhani kakang'ono. Pofika usiku kakula, Sal waphwanya wailesi yaikulu ya mnyamata wina wotchedwa Radio Raheem, ndeu yabuka, apolisi afika nkumukanyanga Raheem pakhosi mpaka kufa anthu akuona. Zitatero Mookie, wantchito wa Sal, yemwe Lee anasewera yekha, akunyamula mgolo wa zinyalala nkuuponya pagalasi la sitolo. Sitolo ija ikupsa.

Olemba nkhani ena a ku New York anachenjeza kuti filimuyi idzautsa zipolowe. Zipolowezo sizinachitike. Ndipo funso lomwe linavuta anthu linali lakuti, kodi Mookie anachita bwino kuswa galasi? Lee wakhala akunena kuti omufunsa zimenezi ndi azungu, munthu wakuda samufunsa. Taganizani bwino pamenepa. Mnyamata wafa, koma mkangano uli pa galasi. Filimuyo sikuuzani kuti wolakwa ndi uyu, pitani mukagone. Imakusiyani ndi funso lakuti chakupwetekani kwambiri nchiti. Chaka chimenecho mphotho ya Oscar ya filimu yopambana inapita kwa Driving Miss Daisy, nkhani ya dalaivala wakuda woleza mtima ndi abwana ake, gogo wachizungu. Filimu ya Lee sanaiike nkomwe pa mndandanda wa opikisana pa mphothoyo.

Tsopano za ndalama, poti kamera simayendera mau okoma. Filimu ya Malcolm X poyamba anaipereka kwa mzungu, Norman Jewison. Lee anadandaula poyera mpaka ntchito inabwera kwa iye. Ili pafupi kutha, ndalama zinatha, ndipo omwe anagwira thumba anaimitsa ntchito, pofunanso kuti filimu ifupikitsidwe. Lee anaikamo gawo lalikulu la malipiro ake, kenaka anagogoda pa makomo a anthu akuda olemera: Oprah Winfrey, Michael Jordan, Magic Johnson, Prince, Janet Jackson ndi ena. Anapereka ngati mphatso, osati ngongole. Filimu inatuluka mu 1992 ndi utali wake wonse, maola atatu ndi mphindi zoposa 20, Denzel Washington atasanduka Malcolm weniweni. Akadadikira chifundo cha eni thumba, tikadaonera nkhani yodulidwa. Lumo lodula mafilimu ife a kuno timalidziwa, lathu linali la boma, lawo linali la ndalama.

Kumapeto kwa filimuyo mukuona Nelson Mandela m'kalasi ku Soweto, atangotuluka m'ndende mu 1990, akunena mau a Malcolm kwa ana a sukulu. Koma mau otsiriza, onena zakuti ufulu udzatengedwa m'njira iliyonse yofunika, Mandela anakana kuwatchula, poopa kuti boma la tsankho lomwe linali lisanachoke likadawagwiritsa ntchito pomuneneza. Lee sanakakamize. Anangoikapo chithunzi chakale cha Malcolm akuwanena yekha.

Sindikuti munthuyu alibe chilema. Amai ambiri adandaula ndi momwe amaonetsera akazi m'mafilimu ake oyambirira, ndipo iye mwini anavomera kuti chithunzi cha kugwirira mu She's Gotta Have It sakadachijambulanso. Nthawi zina amalalikira mpaka kutopetsa. Koma mu 4 Little Girls ya mu 1997 anakhala chete nkusiya makolo alankhule za ana anai aakazi omwe anafa ndi bomba m'tchalitchi ku Birmingham, Alabama, pa 15 September 1963. Kwa ine imeneyi ndiyo yopweteka koposa.

Oscar yopikisana anadzaipeza mu 2019, ya kalembedwe ka BlacKkKlansman, patatha zaka 30 chitulukire Do the Right Thing. Usiku womwewo mphotho yaikulu inapita kwa Green Book, nkhani inanso ya galimoto, kungoti ulendo uno dalaivala ndi mzungu.

Mu 2020, George Floyd atafa ku Minneapolis bondo la wapolisi lili pakhosi pake, Lee anatulutsa kafilimu kosakwana mphindi ziwiri kotchedwa 3 Brothers. Sanajambule chatsopano. Anangolumikiza imfa ya Radio Raheem, munthu wopeka wa mu 1989, ndi zithunzi zenizeni za Eric Garner wa mu 2014 ndi za Floyd.