ZA PFUMBI LA M'MIGODI YA KU JONI

Mau amene mlembi wa Bungwe ananena pa msonkhano

Bambo Wapampando, inu mafumu eni dziko, ndi abale nonse: ndipempha mundilole ndinene za amuna athu amene anabwera kucokera ku Joni ali kutsokomola.

Ndiyesa palibe mfumu pano imene siinaikepo munthu wotere. Anamuka ndi Wenela ali mnyamata wamphamvu, nabwera ndi njinga, bulangete ndi bokosi lacitsulo. Koma zitapita zaka analephera kukwera ngakhale citunda ca kumunda. Ife tinati amlodza, ndipo ena tinadana naco cifukwa ca iye. Koma nthendayo inacokera m'mwala. Golidi wa ku Johannesburg akhala m'thanthwe lolimba, ndipo poliboola ndi poliphulitsa paturuka pfumbi losalala koposa ufa. Pfumbilo likalowa m'mapapu siliturukanso. Mapapu acita zipsera nauma, ndipo cifuwa cacikuru cilowa mosabvuta. Madotolo aicha nthendayi silicosis. Mankhwala oiciza palibe, ndipo kawirikawiri ioneka munthu atasiya kale nchito.

Eni migodi anaidziwa kalekale. M'caka ca 1912 boma la South Africa linali nalo kale lamulo lolipira odwala nthendayi. Koma mzungu analandira zambiri, pamene munthu wakuda analandira pang'ono, nakwezedwa kubwerera kwao. Cotero mkazi wace ndiye anasanduka namwino, ndi abale ndiwo anagula nsaru ya maliro. Mtengo umene eni migodi anayenera kulipira unagwera midzi yathu.

Cisanafike caka ca 1974, anthu a dziko lino m'migodi ija anaposa 100,000. Mu April caka cimeneco ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, amuna athu 74 nafa, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Imfa ija inamveka ponseponse pakuti inadza tsiku limodzi; koma a pfumbi anafa mmodzimmodzi, yense kuseri kwa nyumba yace. Ngakhale eni dziko lija sanapulumuke: mphepo iulutsa pfumbi la pa miru ya dothi la m'migodi kulowa m'nyumba zao, ndipo mu 2002 madzi oipa a m'migodi yakale anayamba kutumphuka kumadzulo kwa Johannesburg.

Tsono imvani cimene ndaimirira. Munthu wina wa ku migodi, dzina lace Thembekile Mankayi, anatengera kampani ya AngloGold Ashanti ku bwalo la mirandu. Mu March 2011 bwalo lalikuru la dziko lija linagamula kuti munthu wa m'mgodi akhoza kusumira kampani cifukwa ca mapapu ace. Mwini wace anali atamwalira masiku owerengeka ciweruzo cisanaturuke. Pambuyo pace, mu 2018, makampani 6 a golidi anabvomera kupereka ndarama zokwana R5 biliyoni. Bwalo linabvomereza mu 2019, ndipo anaika bungwe lochedwa Tshiamiso Trust kuti lizigawa. Oyenera kupempha ndiwo amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya makampani amenewo kuyambira pa 12 March 1965 kufikira December 2019, nadwala silicosis kapena cifuwa cacikuru. Ngati anamwalira, apempha akazi ndi ana ao. Ine ndiona kuti ndaramazo zicepa, ndipo cindiwawa kuti amene anasiya nchito 1965 isanafike anatsala kunja. Koma cimene cabvomerezedwa tisacitaye.

Mlandu wopanda mboni ugwa, ndipo mboni zace pano ndiwo mapepala. Cifukwa cace ndikupemphani, mafumu, muitane nkhalamba za ku Joni ndi akazi amasiye m'midzi yanu. Afunseni dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ndi nambala yao ya nchito. Asunge bwino ziphaso za Wenela kapena Theba, makalata a kucipatala ndi kalata ya imfa. Ambiri aziika kudenga kumene ciswe cizidya. Muwacenjezenso asapatse ndarama munthu woyenda m'midzi wonena kuti adzawalembera, pakuti kupempha kumeneku sikulipiritsa.

Maina amene mudzapeza mubwere nao pa msonkhano wamawa, ndipo ine ndidzawalemba m'buku la Bungwe, mudzi ndi mudzi.