Mapu a Umboni wa Amayi

 Nkhani ya madzulo ano ndi yolemera, ndipo ngati pali ana aang'ono pafupi, makolo aone okha chochita. Koma atsikana ndi anyamata osinkhuka musawathamangitse, pakuti nkhaniyi ndi yawo.

Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndinali mphunzitsi. Nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya pulaimale ya kumudzi, kumene anandipatsa Sitandade 7. M'kalasimo munali mtsikana wanzeru pa masamu, amene ankatsiriza ntchito anzake asanafike ndi pakati pomwe. Chigawo chachiwiri chili mkati iye anayamba kujomba, ndipo kenaka analekeratu. Ine ndinangolemba m'kaundula kuti wasiya sukulu, poganiza kuti ndi umphawi wa kwawo. Patapita miyezi, mayi wina wa m'komiti ya sukulu anandiuza zoona zake. Pa njira yochokera kumudzi kwa mtsikanayo panali dambo la bango, ndipo m'menemo munkabisala mwamuna wina amene anamgwirira. Nkhaniyi itaululika, amayi ena atatu anavomera kuti ana awonso anachitidwa chipongwe pa malo omwewo, ndi munthu yemweyo. Banja lililonse linabisa nkhani yake poopa manyazi, ndipo lililonse linkayesa kuti tsokalo lagwera ilo lokha.

Mwamuna uja anatetezedwa ndi chete wa mabanja anayi. Chimene chinasowa m'mudzimo ndi njira yosonkhanitsira mawu anayi aja, kuti anthu aone kuti onse akuloza dambo limodzi. Lero ndikufuna kukuuzani za amayi a muno mu Africa amene anapanga njira yotere pogwiritsa ntchito kompyuta ndi lamya za m'manja.

Tiyambire ku Kenya. Pa 27 December 2007 anthu a dziko limenelo anasankha pulezidenti, ndipo zotsatira zitalengezedwa panabuka chipolowe choopsa. Anthu oposa 1,100 anaphedwa, unyinji unathawa m'nyumba zawo, ndipo amayi ambiri anagwiriridwa. Boma linaletsa nyumba za wailesi ndi za kanema kuulutsa zinthu pa nthawi imene zikuchitika, kotero kuti munthu wa ku Nairobi sankadziwa bwino zimene zinali kuwaonekera abale ake ku Eldoret kapena ku Kisumu.

Tsono kunali mayi wina wophunzira zamalamulo, dzina lake Ory Okolloh, amene ankalemba nkhani za dziko lake pa intaneti. Anthu anayamba kumtumizira zimene anaona m'madera mwawo, mpaka mauthengawo anamchulukira. Iye anafunsa poyera ngati alipo odziwa za makompyuta amene angaike mauthengawo pa mapu a dzikolo. Mwa amene anavomera panali abambo awiri, David Kobia ndi Erik Hersman, ndi mayi wina katswiri wa makompyuta, Juliana Rotich, amene pa nthawi ya chipolowecho anali ku Eldoret. M'masiku owerengeka a mwezi wa January 2008 iwo anapanga chida chimene anachitcha Ushahidi, mawu a Chiswahili otanthauza umboni.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kosavuta kumva. Munthu akaona nyumba ikutenthedwa kapena anthu akumenyedwa, ankatumiza uthenga pa lamya kapena pa intaneti, kutchula malo ndi nthawi. Uthengawo ukalandiridwa, pa mapu pankaikidwa kadontho. Kadontho kamodzi munthu akhoza kukakana, nanena kuti ndi mphekesera. Koma madontho makumi atatu akaunjikana pa mudzi umodzi, ngakhale mwana amaona kuti pamenepo pali zoopsa. Eni ake anachipereka chidachi kwaulere, kuti aliyense achitenge ndi kuchisintha monga mwa kusowa kwake. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu January 2010, chida chomwechi chinathandiza kusonyeza kumene kunali anthu ofuna chithandizo. Mayi Rotich anatsogolera bungwe la Ushahidi kuyambira 2011 mpaka 2015.

Kuchoka ku Kenya, chidachi chinakafika ku Egypt, kumene amayi anali pa vuto la mtundu wina. M'misewu ya mzinda wa Cairo, m'mabasi ndi m'misika, amuna ankawanena mawu olaula, kuwatsatira ndi kuwagwiragwira. M'chaka cha 2008 bungwe lina loona za ufulu wa amayi m'dzikomo linafunsa amayi ambiri, ndipo 83 mwa amayi 100 alionse a ku Egypt amene anafunsidwa anati zinawachitikirapo. Kafukufuku wa bungwe la United Nations wa m'chaka cha 2013 anapeza 99 mwa 100 alionse. Komabe anthu ambiri ankati izi ndi nthabwala chabe za anyamata, ndipo mayi akadandaula, funso loyamba linali lakuti, "Unavala chiyani?"

Mu December 2010 amayi anayi anayambitsa ntchito yotchedwa HarassMap, kutanthauza mapu a chipongwe. Iwo ndi Engy Ghozlan, Amel Fahmy, Sawsan Gad, ndi Rebecca Chiao, wochokera ku America koma wokhala ku Cairo. Anatenga chida cha ku Kenya chija nachisintha. Mayi akachitidwa chipongwe ankatumiza uthenga wonena zimene zachitika ndi malo ake, popanda kutchula dzina lake. Iye ankalandira yankho lomuuza kumene angapeze uphungu, thandizo la zamalamulo, ndi njira yokadandaulira kupolisi. Pa mapu a mzinda wa Cairo madontho anayamba kuoneka, m'madera a olemera ndi a osauka omwe. Bodza la zovala nalonso linagwa, pakuti kafukufuku wa 2008 uja anali ataonetsa kale kuti ambiri mwa ochitidwa chipongwe anali ovala mpango wophimba kumutu monga mwa mwambo wa kumeneko.

Apa, omvera, ndipo pali phunziro lalikulu. Amayi aja anadziwa kuti mapu paokha sagwira munthu dzanja. Choncho anthu odzipereka ankayenda m'madera mwawo kukalankhula ndi eni masitolo, alonda a pa zipata ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, anthu amene amakhala pa malo amodzi tsiku lonse naona zonse zochitika. Ankawapempha kuti akaona mayi akuvutitsidwa asayang'ane kumbali, koma adzudzule wochimwayo, ndi kuti sitolo yawo ikhale pothawirapo. Mawu a magulu ambiri a amayi atamveka kwa zaka zingapo, mu June 2014 dziko la Egypt linakhazikitsa lamulo lakuti chipongwe chotere ndi mlandu wopita nawo kundende. Chaka chomwecho yunivesite ya Cairo inakhazikitsa malamulo ake oteteza ophunzira ku mchitidwewu. Vutoli silinathe, koma linaleka kukhala chinsinsi.

Wina anganene kuti za ku Cairo ndi zakutali. Koma tikumbuke zimene zinachitika kwathu kuno mu January 2012, pamene magulu a anyamata anavula amayi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Funso linali lomwelija la zovala, ndipo ambiri oonerera anangoima chilili. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo. M'chaka cha 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo m'lamulo limenelo kuvutitsa munthu pa nkhani za chiwerewere, kaya ndi mawu kaya ndi zochita, ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende. Lamulo tili nalo. Koma lamulo limadikira umboni, ndipo umboni umadikira munthu woti aumve popanda kunyoza wounenayo.

Tsono tidzifunse chifukwa chake anali amayi amene anaganiza zoika chipongwe pa mapu. Akatswiri aamuna a makompyuta analipo ambiri ku Cairo, ndipo nzeru anali nazo. Koma munthu amapanga chida choyankha funso limene likumsowetsa tulo. Mwamuna amene sanayambe waganizapo kawiri asanakwere basi yodzaza sangalote kuti pakufunika mapu otere. Mayi amene amasintha njira tsiku ndi tsiku popewa ngodya ina ya msika ali nawo kale mapuwo m'mutu mwake. Chimene akusowa ndi luso lowatulutsira kunja kuti anzake awaone. N'chifukwa chake nkhani ya atsikana kuphunzira masamu, sayansi ndi makompyuta ikukhudza chitetezo chathu tonse. Kwathu kuno chitsanzo chilipo. Mayi Rachel Sibande, amene anaphunzira za makompyuta ku Chancellor College, anayambitsa malo otchedwa mHub ku Lilongwe m'chaka cha 2013, kumene achinyamata, ndi atsikana omwe, aphunzitsidwa kupanga mapulogalamu a kompyuta.

Sindikuiwala kuti m'midzi yambiri amayi alibe lamya zawozawo, ndipo kumene lamya ilipo, kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Koma nzeru ya Ushahidi ikhoza kugwira ntchito ngakhale popanda kompyuta. Gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulu likhoza kujambula njira zonse zobwerera kusukulu pa pepala lalikulu, ndi kupempha atsikana kuti aliyense payekha, mosaonedwa ndi anzake, aike chizindikiro pa malo amene amaopa. Pasalembedwe dzina la mwana aliyense. Zizindikiro zikaunjikana pa mlatho, pa chigayo kapena kuseri kwa nyumba ina, a mfumu, aphunzitsi aakulu ndi apolisi a m'dera adziwe poyambira. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene zoterezi zakuchitikirani, kapena zachitikira mwana wanu, mverani izi. Pitani kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, chifukwa mkati mwa nthawi imeneyi alipo mankhwala othandiza kupewa kachirombo ka HIV, amene amamwedwa masiku 28, ndiponso mankhwala oletsa kutenga pathupi. Ngati n'kotheka musasambe kapena kuchapa zovala musanapimidwe, pakuti zimenezo ndi umboni. Koma ngakhale mwasamba kale, kapena masiku apitapo, pitanibe. Ku mapolisi athu kuli maofesi othandiza anthu ochitidwa nkhanza, ndipo pa nkhani za ana mukhoza kuimba lamya yaulere pa nambala 116. Mlandu wogwirira suweruzidwa ndi mbuzi kapena nkhuku pabwalo la mfumu. Ndi wa kukhoti. Ndipo inu mayi, inu bambo, mwana akabwera kudzakuuzani, mawu anu oyamba asakhale omfunsa chimene ankafuna kumeneko. Muuzeni kuti mwamva, ndi kuti wolakwa si iye.

Mtsikana wanga wa masamu uja sanabwererenso m'kalasi, ndipo mpaka lero ndimadzimvera chisoni kuti ndinalemba m'kaundula ndisanapite kwawo kukafunsa. Aphunzitsi anzanga amene mukumvera, mawa poitana maina, mukaona mpando wa mtsikana uli wopanda munthu kwa sabata yathunthu, pitani kwawo mukamuone. Mwina amene mudzambwezere m'kalasiyo ndiye adzapange chida chimene dziko lathu likusowa.